Malemu Gércio Calisto ndi Mphika Wopanda Popumira

Malemu bambo Gércio Calisto, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1990 ku Malawi, kumene banja linathawira nkhondo. Mayi awo atamwalira mu 1994, agogo awo, amene alembetsa mawuwa, anawabereka kumsana mpaka kwawo ku Lione. Ankawaletsa kumtsinje, ankawaletsa kutchire kuopa mabomba okwiriridwa. Sukulu yokha ndiyo analephera kuwaletsa.

Mu 2010 anapita ku Maputo kukaphunzira uinjiniya. Mu 2017 anakwatira mayi Suzete, nakhazikika kuno ku Namacula.

Ntchito yawo inali yophika mapesi ndi makoko a mbatatesi m'madzi otentha koopsa, mumphika wachitsulo womanga ndi mabawuti, kuti mutuluke gasi woyaka. Mphika wopanda popumira, abale! Agogo mtima sunakhalenso m'malo.

Mu 2021 malemu anatsala pang'ono kuitaya ntchitoyo. Mapesi omwewo, moto womwewo, koma miphika iwiri inkapereka gasi wosiyana. Agogo, poyesa kuti n'zakudya, anawachenjeza kuti asalawe, pakuti chidulo chimadya sefuliya, sefuliyayo n'kulowa m'ndiwo. Malemu anaseka, kenako anapita kukayeza chitsulo cha miphikayo. Atayeza, anapeza kuti mphika umaphikidwa nawo: chitsulo chokhala ndi nikelo wambiri chimachulukitsa gasi, koma madziwo amachinyenya mkati, khoma n'kumaonda, kunja kukuwalabe.

Mu Julayi chaka chino, kuzizira kutakula, anayamba kutsokomola. Zaka zonsezi agogo anayang'anira mphika, chibayo sanachione chikubwera. Malemu anatisiya pa 3 Ogasiti kuchipatala.

Dzulo lake, mayi Suzete atapita kukatenga bulangete, malemu anauza agogo kuti mphika waung'ono wakuntchito wadyeka kwambiri, usadzayatsidwenso. Agogo kulemba sadziwa, kuntchitoko sanapondeko. Mawuwo awasunga m'kamwa masiku atatu, akuwabwereza kuti asatayike. Tsono inu bambo Alcides, amene munkagwira nawo ntchito, mwamva pamaso pa anthu onsewa: waung'onowo, wa zogwirira zofiira. Musanyengedwe poti ukuwala.

Asiya mayi Suzete, ana awiri, Dina ndi Jaime, ndi agogo amene anayenera kutsogola. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi a ku Lione amene abwera ndi nkhuni.

Mulungu awalandire, agone mumtendere. Ndipo mphika uja ukhale wozizira.