Mbewa Zinayamba Kuyenda

Pa siteji ya basi pafupi ndi chipatala, bambo wobereka mwana wamkulu ndithu kumsana ankacheza ndi mayi wosamalira mbewa zolumala ku labu ya ofufuza zamankhwala.

"Amazibaya tithovu ting'onoting'ono tonyamula majini abwino, tizinthu tachibadwa totengera kwa makolo tija," anatero mayiyo. "Kenako amaziunika ndi makina a sikani, ngati a amayi oyembekezera aja. Tithovuto timaphulika, majini n'kulowa m'maselo."

"Ndiye zimachira?"

"Zina zimene zinkangokwawa zayamba kuyenda."

"Wangayu miyendo inafooka kalekale. Nanga anthufe atiyamba liti?"

"Akuti mwina pakatha zaka khumi, bambo."

Bamboyo anatsitsa mawu. "Adokotala akuti uyu zisanu sizikwana. Bola akanabadwa mbewa."

"Musatero. Zikachira amazipha kuti aone m'kati."

"Komabe, mayi, zimafa zitayendako."