Ndine Ndinati "Pitani"

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, mawu angandithawe.

Malemu bambo akunyumba munkawadziwa. Anayendetsa ambulansi mpaka kupuma ntchito, osagundapo ngakhale nkhuku. Atakalamba, diso lakumanzere linachita ng'ala, khosi nalonso linauma. Ana akanadziwa akanawalanda makiyi a kagalimoto kathu, ndiye tinabisa. Ine ndinasanduka diso lawo. Tikafika pamphambano, pomwe msewu wathu wafumbi umakumana ndi wa tala, iwo ankayang'ana kumanja, ine kumanzere. Ndikati "pitani", ankapita.

Tsikulo tinkapita kuchigayo ndi makaka a chinangwa. Pamphambano paja ndinaona mnzanga wa kwaya, ndinayamba kumukwezera mkono, pakamwa n'kungotuluka "pitani". Abale, sindinayang'ane. Sindinayang'ane!

Tinagunda njinga yamoto imene inkachokera ku Kande. Wakabazayo, bambo wa ana atatu, kuchipatala anakamudula mwendo.

Kupolisi bambo akunyumba anangoti, "Ndine, sindinaone." Anthu anawanyoza: nkhalamba yakhungu ikufunanji pachiwongolero? Ena mwa inu munanena, sindikukudzudzulani. Mpaka tinawaika m'manda chaka chatha, sananditchule ngakhale kamodzi. Ine ndinkabwera muno, ndinkaimba nanu, koma Mgonero ndinkauzemba. Mumtima munkandiwotcha.

Mwezi wathawu ndinalimba mtima, ndinapita kwa bambo wakabaza aja. Ndinawapeza akusoka ukonde, ndodo zili pambali. Ndinagwada, ndinaulula zonse. Iwo anati, "Ama, ndinakuonani tsiku lija, nkhope yanu inali kwina. Zaka zonsezi ndimadikira kuti mubwere. Dzukani. Mwendo subwerera, koma mkwiyo ndatopa nawo."

Ndi awo akhala pabenchi lakumbuyoko, abwera okha.

Achikulire anzanga, maso akayamba kufooka perekani makiyi. Diso lobwereka limatembenuka kukapereka moni.

Mwendo sunamere, abale. Mwamuna wanga sakundimva pamene ndikuyeretsa dzina lake, ndachedwa, ndipo zikundipweteka. Koma Ambuye andikhululukira kudzera pakamwa pa munthu amene ndinamulumaza, ndipo lero ndadya Mgonero.

Yewu ukongwa, Chiuta wanga, zikomo kwambiri Mulungu wanga. Kondwerani nane, abale, musayang'ane misoziyi. Mayi a kwaya, yambitsani nyimbo, ine mawu andithera.