Mapiritsi a Mnzanga Ananditsekera Mpweya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine mayi wamasiye wotchola tiyi, ndipo mphumu ndavutika nayo zaka zambiri. Koma kunyumba za kampani kumene tinkakhala, anthu ankati ndi chifuwa chachikulu. Pampopi ankadikira ndichoke kaye, ndipo kapu yanga panalibe woikhudza. Zimenezi zinkandiwawa kuposa matendawo.

Kukiliniki ya pa esiteti anandipatsa timapiritsi totsegula chifuwa. Tinkathandiza, koma mtima unkagunda ngati ng'oma, manja n'kumanjenjemera. Tsiku lina a Esinati, mnzanga yekhayo amene ankandiyankhulabe, anandipeza nditagwira pamtima nati, "Imwani mapiritsi angawa, ine amandikhazika mtima pansi." Paja kwathu mankhwala timagawana ngati mchere, ndipo munthu amene aliyense akumuthawa sakana mphatso. Ndinamwa awiri.

Tsikulo lole inatenga amayi onse kukavina kumsonkhano wa chipani, ine wotsokomolane anandisiya. Dzuwa lili paliwombo, chifuwa chinatseka. Ndinamwa timapiritsi tanga, osaphula kanthu. Ndinakwawira pakhonde, koma kunja kunali zii, nkhuku zokha. Ndinachita mantha, abale. Mpweya wopempherera ndinalibe, mumtima ndinangoti, Ambuye, ndisafe ndekha.

Kenaka kunatulukira mayi wogulitsa nkhuni, wothawa nkhondo ku Milanje m'dziko la Mozambiki, amene sankandidziwa n'komwe. Anaponya mtolo pansi, nandibereka kumsana mpaka kukiliniki.

Atandibaya jakisoni, mpweya utayamba kubwerera, ndinaonetsa adokotala mapiritsi a mnzanga aja, otsala amene ndinamanga pampango. Anapukusa mutu. "Mayi, m'mapapo ndi mumtima muli timakomo ting'onoting'ono tofanana. Mankhwala anu amagogoda pamenepo, njira za mpweya n'kutseguka, mtimanso n'kuthamanga. A anzanuwa amakhoma timakomoto kuti mtima ufatse. Nanga anuwo akanagogoda pati?"

A Esinati analira atamva, ndipo sindinawasungire chakukhosi, anachita mwa chikondi. Koma musamwe mankhwala a mnzanu, ngakhale akukondeni bwanji.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero lopanda mawu. Inu amene anthu akukutalikirani, limbikani, Iye amadziwa khomo lanu. Mayi uja atabwera kudzatenga nkhuni zake anapempha madzi. Ndinayamba kumufotokozera zimene anthu amanena za ine, koma iye anangotenga kapu yanga ija n'kumwa.