Ameni wa Pakati pa Pemphero

"Bisani kajuziko, achemwali, mutichititsa manyazi. Mwanayo pano ali ndi ndevu!"

Pabenchi ya padepoti, mayi wina ndi mchimwene wake ankadikira basi yochokera kubwalo la ndege. Mayiyo anali atafumbatira kajuzi kofiira, kopanda mkono umodzi.

"Ndevuzo ndaziona pafoni. Koma kajuzika ndinkalukira iyeyo, mpaka tsiku lija munamupereka kwa abusa akunja aja, ine ndili gone m'chipatala."

"Mwayambanso? Bambo ake anali atatisiya, inunso madokotala atataya mtima. Ndikanatani ine? Si uyu wakula bwino, waphunzira, kutchalitchi kwawoko akuimba kwaya? Mulungu anatsegula khomo."

"Anatseguladi. Koma amene anatulukira pakhomopo ndi wanga."

"Nanga mukambirana chiyani? Chilankhulo chathu anaiwala, chawocho inu mumangodziwapo moni basi."

Mayi uja anaseka, uku akupukuta m'maso ndi kajuzi kaja.

"Mukukumbuka mapempheredwe ake? Tikagwada pamphasa, ine ndisanafike n'pakati pomwe, iye 'Ameni!' kuti athamangire kosewera. Ndinkamutsina khutu."

"Ankaterodi, kamberembere ameneyo. Ngakhale m'tchalitchi anadulapo mlaliki."

"Ndiye musavutike n'kumasulira, achimwene. Sindimuuza kuti atsale kuno, ali ndi amayi ena amene anamulera, ndipo ndimawapempherera. Ine ndikungofuna tigwade limodzi, ndiyambe kupemphera, andidule pakati ndi Ameni wake uja. Ulendo uno khutu sindimutsina."