Chombo cha Malata pa Zóbuè

Pamalo odikirira shapa, minibasi yopita ku Moatize, pa Zóbuè, mayi wogulitsa mbatata ankadandaulira bambo wina amene anakhala naye pabenchi.

"Mwawaona anyamata oimba aja, bambo? Akuyenda khomo ndi khomo kupempha nkhuku, mbatata, chilichonse choti akagulitse. Akuti akonze dansi, iwo atavala ngati anthu akumwezi, chombo cha malata chikutsika mumtengo, magetsi ali ng'aning'ani."

"Ndamva, mayi."

"Ine nthawi ya nkhondo ndinagona m'chigwa masiku atatu, mwana ali kumsana, chifukwa cha zinthu zotsika kumwamba. Lero ndipereke nkhuku yanga kuti andiitanire china? Makolo awo ali kuti?"

"Mmodzi ndine. Woimba gitala uja, Lázaro, ndi wanga. Malatawo anasasula pakhola langa la mbuzi, osapempha n'komwe."

"Ndiye inu mwangomulekerera?"

"Ndinamukalipira. Anandiyankha kuti akufuna adzaone tsiku limodzi chinthu chikutsika kumwamba, anthu a pa Zóbuè akuthamangira komweko, osati kutchire."

"Ndi wamwano mwana wanuyo. Nkhuku sindipereka. Mumuuze abwere adzatenge ndowa ya mbatata. Koma chombocho chikangolira ngati helikopita, ndidzachigwetsa ndekha."