Kuperekeza Dan

Mu Julaye, chiperoni chitakuta phiri la Zomba, a Modester a ku Chinamwali analandira mlendo, Dan, mwana wa malemu mchimwene wawo, wobadwira ku Leeds, amene anabwera patchuthi kudzaona kwawo kwa bambo ake. Mnyamatayo anali waulemu ndithu, koma anali ndi matenda amodzi: chilichonse chimene mayi ake anamuuza asanakwere ndege ankachitsata ngati malangizo a mankhwala.

Lachitatu m'mawa Dan anatuluka kuchipinda akukoka sutikesi.

"Azakhali, ndikutsanzika."

A Modester anaika tsache pansi. Ankadziwa kuti tsikuli lidzafika, koma mtima unawawabe.

"Aaa, zafika kale? Ndege yako imanyamuka nthawi yanji ku Chileka?"

"Madzulo."

"Ikakusiya?"

"Ndiye kuti ntchito yatsopano ija yandithawa. Lolemba m'mawa akundifuna."

"Ndiye taimiranji? Tiye ndikuperekeze kusiteji." Anamanga chitenje, napota china kukhala nkhata. "Nditwike."

"Azakhali, ili ndi matayala."

"Ndawaona."

"Imakokedwa."

"M'miyala ya Chinamwali muno? Ukafike ku Mangalande ndi matayala atatu?"

"Ili ndi awiri okha."

"Ndiye ukafika ndi limodzi. Nditwike."

"Amayi anati ndisalole munthu wamkulu kundinyamulira katundu."

"Nanga za mlendo wodzikokera katundu, azakhali ake akuponya manja pambuyo, anati chiyani?"

Dan anaganiza kaye. "Zimenezo sananene."

"Ndiye nditwike."

Anawatwika. A Modester anatsogola khosi lili njo, ndipo atafika pakhonde la a Rahima, oyandikana nawo ogulitsa mandasi, anachepetsa liwiro mwadala. A Rahima ndi amene ankakonda kunena kuti abale a kunja amangodziwika pazithunzi. Lero aone okha chithunzi chikuyenda.

Pasiteji minibasi ya ku Limbe inali itaima kale, kondakitala akumenya chitseko. A Modester anatula sutikesi namugwira Dan dzanja ndi manja awiri.

"Pita bwino, mwanawe. Ukawapatse moni onse."

"Zikomo, azakhali. Nanga inu mubwerera ndi ndani?"

"Ndi miyendo yanga."

"Nokha?"

"Ilipo iwiri."

"Amayi anati munthu wamkulu sasiyidwa pamsewu. Umamufikitsa pakhomo n'kuona kuti walowa."

"Ankanena za ku Leeds kumeneko. Ine msewu uno ndinayamba kuuponda iwe usanabadwe."

"Sananene kuti za ku Leeds. Anangoti pamsewu." Dan anayang'ana pansi. "Uwu ndi msewu."

"Kwera, iwe."

"Ndikakusiyeni kaye."

Kondakitala anawayang'ana onse awiri, nakoka chitseko, minibasi n'kupita. A Modester anaganiza msanga, poti mutu wawo ndi wachangu: kukangana ndi mwana uyu kungadye nthawi yambiri kuposa kumumvera. Anasenzanso sutikesi, ulendo wobwerera.

Pakhomo analowa mwamwambo, phazi limodzi kenako linalo.

"Ndalowa. Waona?"

"Ndaona. Tsalani bwino, azakhali."

Dan anatembenuka n'kuyamba kukoka sutikesi yake. Matayala aja analira pamiyala, gudugudu, gudugudu, kulunjika kukhonde la a Rahima. A Modester anaima kuseri kwa chitseko akumvetsera, ndipo manyazi anawagwira. Phokoso limenelo linali kuuza Chinamwali yense kuti mlendo wachoka kwa a Modester yekhayekha. Anatuluka chothamanga, silipasi ikuwomba chidendene.

"Azakhali, mwatuluka."

"Ndikudziwa."

"Mwaiwala chinachake?"

"Ndinatsala pang'ono kuiwala ulemu. Mlendo sachoka pakhomo yekha ngati wapirikitsidwa. Nditwike."

"Koma mwandiperekeza kale."

"Ndinakuperekeza, iwe n'kubweranso pakhomo panga. Wobwera pakhomo ndi ndani?"

"Mlendo."

"Eya. Nditwike."

Dan anaona kuti mfundoyo ndi yoona, nawatwika.

Atafikanso pasiteji, a Modester anatula katundu akupumira m'mwamba. Minibasi ina inali kubwera kuchokera ku Liwonde.

"Iyo. Tsopano ukwere."

"Tiyeni ndikakusiyeni."

"Dan, mwana wa achimwene anga, tamvera. Nkhuku ndinakuphera?"

"Munandiphera."

"Madzi osamba ndinkakutenthetsera?"

"Tsiku lililonse."

"Ndiye ukundizunziranji?"

"Sindikukuzunzani. Ndikukuperekezani."

"Woperekeza ndine."

"Popita kusiteji, inde. Pobwerera ndine."

Minibasi ija inadutsa osaima n'komwe. A Modester anaitsata ndi maso mpaka inabisika, kenako anakweza chala.

"Tigawane msewu. Pachigayo paja ndi pakati. Tikafika pamenepo, iwe uyang'ane kumsewu, ine ndiyang'ane kunyumba, aliyense aziyenda. Osacheuka. Wamva?"

"Ndiyang'ane kumsewu, ndiziyenda, osacheuka."

"Basi."

Pachigayo anapatsana misana. A Modester anayamba kuyenda, akudziyamikira mumtima kuti nzeru sagula kusitolo. Koma atangopitirira mpanda wa tchalitchi anamva gudugudu uja pambuyo pawo, ndipo m'malo mochepa anali kukula. Anacheuka, n'kuona msana wa Dan uli pafupi kuwagunda.

"Ukutani?"

"Ndikuyenda."

"Chafutambuyo?"

"Munati ndiyang'ane kumsewu. Ndikuyang'ana kumsewu. Sindinacheuke." Dan anaima, nkhope ikadali kumsewu. "Koma inu mwacheuka, azakhali. Ndamva mawu anu akuchokera kutsogolo kwa mutu wanu."

"Ambuye, ndichitireni chifundo."

Anamulola awafikitse pakhomo. A Rahima, amene tsopano anali atatembenuzira mpando wawo kumsewu, anafunsa mokoma mtima ngati munthu wongofuna kudziwa:

"Kodi a Modester, alendowa muli nawo angati? Ndikungoona akudutsa, onse ofanana nkhope."

A Modester, amene anali atasenzanso katundu uja, anangodutsa. Ndi sutikesi pamutu munthu sayankha bwino chipongwe.

Pakhomo Dan anabwera ndi maganizo akeake.

"Azakhali, vuto ndi loti mumatuluka. Bwanji mulowe, ine nditseke ndi loko panja, kiyi ndikawasiyire a Rahima?"

"Unditsekere m'nyumba mwanga ngati mbuzi?"

"Kwa kanthawi kochepa."

"Kiyi kwa a Rahima? Kuli bwino ukamutaye mu Mulunguzi." Anatenga jumbo yopachika pamsomali. "Pita. Sindikukuperekezanso. Ndatopa nawe."

"Nanga jumboyo?"

"Ndikukagula matimati."

"Kuti?"

"Kusiteji. Msewu ndi wa boma. Iwe ukupita kwanu, ine kumatimati. Tikayendera limodzi, ndi ngozi chabe."

"Ndiye sutikesi ndikoka ndekha."

"Ayi. Nkhata ndapota kale, isapite pachabe. Nditwike."

Pasiteji a Modester anasankha matimati mosafulumira, akuyang'ana mozemba minibasi imene inali kudzaza anthu. Mpando umodzi unali utatsala. Anamva Dan akusuntha pambuyo pawo, ndipo mtima unati myaa. Atatembenuka anapeza mnyamata uja atatambasula dzanja kuti alandire jumbo.

"Tiyeni."

"Kuti?"

"Kunyumba. Mwagula."

"Dan, ine sindinabwere nawe. Sitikudziwana."

"Ngakhale tisadziwane. Amayi sananene kuti munthu wamkulu wachibale. Anangoti munthu wamkulu."

"Ndiye agogo awo akhala pamwalawo, bwanji osawaperekeza?"

Dan anawayang'ana agogowo mwachidwi chenicheni.

"Ayi, ayi, usayerekeze," anatero a Modester, atamugwira malaya. "Akugulitsa nzimbe."

Mpando uja unatengedwa ndi bambo wina wa thumba la makala.

Anapitanso, nabweranso. Anyamata a kabaza anasiya kuwaitanira njinga n'kuyamba kungowakwezera dzanja ngati anzawo a ntchito. Mayi wa matimati anawasungira malo pamthunzi. Chiperoni chinachoka paphiri, dzuwa linatuluka, linakwera, kenako linayamba kupendekera kumitengo ya paini ya pamwamba paja. A Modester khosi linali litauma gwa, ndipo atafika pasiteji ulendo womalizawo sanatule sutikesi kuti Dan akwere. Anaitula n'kuikhalira.

Apa ndi pamene anamuperekezera mchimwene wawo, zaka zambiri zapitazo. Iye uja anakwera minibasi yoyamba, natulutsa dzanja pawindo, basi. Sanabwerenso, ndipo manda ake ali ku Leeds komweko. Kuyambira pamenepo a Modester ankadana ndi minibasi zobwera msanga. Zoona zake n'zakuti lero, nthawi iliyonse imene chitseko cha minibasi chinkatsekeka Dan ali panja, kamtima kena m'kati mwawo kankavina. Tsopano kuvina kuja kunasanduka mantha.

"Dan, tayang'ana dzuwa."

Dan analiyang'ana.

"Ngakhale utakwera pano, ku Limbe ukafika mdima uli pafupi. Ku Chileka ukapeza alonda a pageti okha." Anaweramitsa mutu. "Ndege yakusiya, mwanawe. Ntchito ija yapita, ndipo waitayitsa ndine. Bwenzi nditangokhala m'nyumba, a Rahima anene zimene anena. Mayi ako ndikawauza chiyani?"

"Ndege sinandisiye, azakhali."

"Usanditonthoze."

"Ndege ndi ya Loweruka."

A Modester anakweza mutu pang'onopang'ono.

"Ya liti?"

"Loweruka madzulo."

"Lero ndi Lachitatu."

"Eya."

"Si unati ukupita lero?"

"Ndinati ndikutsanzika. Inu munafunsa nthawi, simunafunse tsiku."

"Ndiye ine ndasenza chimwala ichi tsiku lonse, kukwera ndi kutsika Chinamwali ngati wogulitsa makala, ndege ili ya Loweruka?"

"Ndinakuuzani kuti ili ndi matayala."

"Usandiuze za matayala. Bwanji watsanzika lero?"

Dan anaima mowongoka, monga ankachitira akamanena mawu a mayi ake.

"Amayi anati: azakhali ako saperekeza munthu tsiku limodzi n'kumaliza. Ngati ndege ndi ya Loweruka, uyambe kutsanzika Lachitatu."

"Ndikanakhala m'nyumba muja, loko ali panja?"

"Ndikanakagona kwa msuweni wanga ku Limbe. Koma amayi anati zimenezo sizingachitike."

A Modester anayang'ana kumbali. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akunamizira fumbi la minibasi. Ankafuna kukwiya, ndipo anayesetsa ndithu, koma mkwiyo unkangowapulumuka: mwana wa mchimwene wawo agonanso kuchipinda kuja usiku uno, ndi mawa, ndi mkuja. Anaimirira, nakonza nkhata pamutu, n'kuloza sutikesi ndi chibwano.

"Nditwike. Tidutsire kwa a Rahima."

Dan anawatwika. Anayenda pang'ono, kenako a Modester anaima n'kutembenuka thupi lonse, sutikesi ikuzungulira nawo.

"Wati mayi ako anati uyambe liti?"

"Lachitatu."

"Akundiderera. Ukanayamba Lolemba."