A Mawaya ndi Chimbale Chimene Anachikana

Malemu achimwene anga, amene ambiri a inu mumawadziwa kuti a Mawaya, anabadwa pa 9 Juni 1957. Anali oyamba m'banja la ana anayi, ndipo ine ndaima panoyu ndine womaliza. Zimene ndinenezi ndinaziona ndi maso anga, zina ndinakwapulidwira nawo limodzi.

Sukulu anayamba mu 1964. Mu 1973, ali Folomu 2, anaphwasula wailesi ya bambo athu kuti aone pamene mawu amalowera. Bambo anawapatsa masiku awiri oti aibwezeretse mwakale. Wailesiyo inalira ndithu, ngakhale patebulo panatsala tizitsulo titatu. Atamaliza Folomu 4 mu 1975 anakaphunzira ntchito kwa mkulu wina wokonza mawailesi, ndipo mu 1979 anatsegula shopu yawo, kachipinda kamodzi kokhala ndi benchi lalitali, nyale yopendekeka ndi madilowa odzaza mawaya. Dzina lija linachokera kumeneko.

Pa 14 Ogasiti 1982 anamanga banja ndi alamu anga ali apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Suti ya ukwati anawasokera ndi mnzawo wa pamtima, atelala, amene shopu yawo ili zitseko zinayi kuchokera pa ya malemu.

Ndinganame nditanena mbiri ya achimwene osatchula woimba amene ankamukonda, yemwe iwo ankangomuti Mdala. Kuyambira mu 1980, Loweruka lililonse masana, anzawo asanu ankasonkhana mu shopu muja, aliyense ndi kampando kake, kudzapima zimbale za Mdala. Malemu anaika lamulo lakuti chimbale chatsopano sachiweruza asanachimve katatu: koyamba uku manja akugwira ntchito, kachiwiri atakhala pansi manja atapinda, kachitatu patadutsa sabata yathunthu. Akatero m'pamene ankachotsa pensulo pakhutu n'kulemba malikisi kuseri kwa chikuto. Pa malikisi anali ouma manja. Chimbale chachitatu, chimene tonse tinavina mpaka kutha nsapato, anachipatsa 7 pa 10, ndipo palibe china chinadutsa pamenepo.

Mdala atayamba kukalamba, gululo linagawikana. Malemu ankati nyimbo zenizeni zinali zakale zija, za malipenga ndi mawu okwera, ndipo zam'mbuyo muno n'zongokakamiza. Atelala ankati ayi, Mdala anayamba kunena zoona pamene anasiya kukuwa. Ankakangana mpaka makasitomala kubwerera pakhomo poganiza kuti muli ndewu, koma pomaliza ankamwera tiyi m'kapu imodzi.

Mu Malichi 2012 munatuluka chimbale cha Mdala chakhumi ndi chinayi. Munalibe malipenga, munali gitala imodzi ndi mawu osasa a munthu wokalamba. Atelala anali atangoika mkazi wawo m'manda, ndipo chimbalecho ndicho chinkawatonthoza. Anabwera nacho okha ku shopu, atachigulira mnzawo. Apa ndinene mosabisa, chifukwa malemu anandiuza kuti ndisawabisire: analakwa. Nyimbo yachitatu isanathe anazimitsa, n'kulemba ziro kuseri kwa chikuto. Ananena pamaso pa onse kuti amene wakonda zimenezi makutu ake anagontha ndi phokoso la makina osokera. Lamulo loika okha analiphwanya okha. Atelala ananyamula kampando kawo n'kutuluka.

Zaka khumi ndi zitatu, abale anga, zitseko zinayi zokha! Akakumana pamsewu ankangogwedezerana mutu. Buluku la malemu likang'ambika ankakwera minibasi kukasoketsa kutali, ndipo ndamva kuti atelala nawonso anakhala chaka chonse ndi wailesi yakufa. Ine ndinalankhulapo mpaka kutopa. Achimwene anali ndi mtima wabwino, koma khosi linali louma. Gulu la Loweruka lija linatha pang'onopang'ono.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Novembala 2023 mawu a malemu anayamba kusasa. Kuchipatala anapeza khansa ya pakhosi, ndipo pofika Januwale chaka chino sankathanso kulankhula, ankangolemba papepala. Pa 4 Febuluwale analembera mwana wawo wamkazi wamkulu kuti apite ku shopu, atsegule dilowa ya pansi ya mabatire akufa, abweretse chimbale chija. Anachimva koyamba ali pabedi, uku akukonza kawailesi ka aneba. M'mawa mwake anachimva kachiwiri manja atapinda, ndipo alamu akuti misozi inkangotsika.

Alamu anawachonderera kuti atumize uthenga kwa atelala tsiku lomwelo, pakuti thupi linali litafooka kwambiri. Anakana. Analemba kuti lamulo analiphwanya kamodzi ndipo linawadyera mnzawo, sangaliphwanyenso, adikira sabata. Ine ndinapsa mtima, ndinawauza kuti imfa siwerenga masabata. Anangondiyang'ana n'kuloza kalendala.

Sabatayo anaimaliza. Lachitatu pa 12 Febuluwale m'mawa anamva chimbalecho kachitatu mpaka nyimbo yomaliza. Anapempha labala ndi pensulo, n'kufufuta ziro uja. Mwana wawo anathamanga nacho kwa atelala, koma anapeza pali loko, atapita kukagula nsalu. Pamene ankabwerera kunyumba, bambo ake anali atatisiya. Amwalira ali ndi zaka 67.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, alongo awiri ndi ine mng'ono wawo. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, aneba amene ankasinthana ndi alamu pakudwazika, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Asiyanso mnzawo mmodzi. Atelala, ndakuonani mwakhala kumbuyo uko, pafupi ndi khomo. Chimbale chanu chija ndi ichi chili m'manja mwangamu, ndipo uthenga wake sunakupezeni, choncho ndiloleni ndiupereke pano. Alembapo 9 pa 10. Inu mukudziwa kuposa tonsefe kuti m'zaka zonsezi pensulo imeneyi sinalembepo nambala yotere. Pansi pake alemba kuti mawu a akulu akoma akagonera, kuti inu munamva bwino ndipo wogontha anali iwo, ndiponso kuti mubweretse kampando kanu.

Kampandoko musavutike nako, taika kale mpando kuno kutsogolo, pambali pawo. Bwerani mudzakhale ndi mnzanu.

Achimwene, uthenga wanu ndapereka. Mzimu wanu uuse mumtendere.